Chingwe Chanu Sichikufikanso pa Madzi

Kwa Nthache, Lachiwiri, sabata yomaliza ya Okutobala

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Mng'ono wanga Esinati anabereka mwana wamkazi mu Juni, tinamutcha dzina lanu. Chimanga tinakolola matumba asanu ndi limodzi, mtedza awiri. Koma chandilembetsa ndi chitsime chanu cha kudimba.

Chauma, amayi. Dzulo ndinatsitsa ndowa, amalume ndi bambo a ana anga ali pomwepo, inabwera ndi mchenga wokhawokha. Paja chaka chilichonse mu Okutobala munkamanga mfundo pachingwe, posonyeza pomwe madzi alekezera. Zanu zilipo zisanu ndi zinayi, zothithikana, chikhatho chimodzi chimaziphimba. Zanga zitatu zatalikirana mkono mkono. Chaka chino chingwe chatha madzi osawakhudza.

Ndiulule. Mitengo ya katope ndi misuku ya kumtunda ija, munkati ndi chivundikiro cha chitsime, tinaidula. Tinawotcha makala kuti tigule simenti ya chiliza chanu. Tinkati tikukulemekezani. Anzathu ataona kuti ife tayamba, anamaliza phiri lonse.

Mlangizi wa zamadzi anatifotokozera kuti madzi apansi sakhazikika ngati a mumtsuko. Amayenda pang'onopang'ono m'ming'alu ya miyala, kutsikira kumtsinje, kulowa mu Shire, mu Zambezi, mpaka kunyanja yamchere ku Mozambiki. Mitengo ndiyo inkachedwetsa mvula kuti ilowe m'nthaka. Tsopano mvula ikungothamanga pamwamba, ndipo otsala pansiwo akupitabe, owabwezera palibe. Ine ndinangoti mumtima, madzi a amayi abwerera kwawo ku Mozambiki, komwe amayiwo anathawa nkhondo.

Esinati akuyenda maola awiri kukatunga, khanda kumbuyo. Mpiru wa kudimba wapsa wonse. Bambo a ana akuti tisamukire kwawo kwa Kanduku, kuli mjigo. Sindikuwatsutsa, ana akumwa madzi amatope. Koma manda anu adzalambula ndani?

Ndawapempha sabata imodzi yoti tikumbe. Lero takumba mikono iwiri. Dothi lake likuzizira m'manja, koma ukalifinya likungoyoyoka.

Ndafesa njere za katope m'machubu apulasitiki makumi anayi, ndikuthirira madzi otsukira mbale. Mvula ikagwa ndidzabzala pafupi ndi chitsa chilichonse, kaya tasamuka kaya ayi. Ili ndi lonjezo langa. Chingwe chanu ndachilumikiza ndi changa, mikono itatu. Mfundo ya chaka chino sindinamange. Kwatsala masiku asanu ndi limodzi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felesiya