Belu Silinalire Lachisanu

Mudzi wa Chikoti,
Nsaru,
Lilongwe.
23 Julayi, 2024

Okondedwa achimwene a Wongani,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno kukuzizira kwambiri chaka chino, koma chimanga tinakolola chonse ndipo chili m'nkhokwe. Kalatayi ndapatsira mnzanu wa ku Mpingu uja, akukwera basi mawa. Mudabwa kuti ndalemberanji pamene foni ilipo. Mwaimba katatu kufuna kulankhula ndi ababa, ndipo katatu konse ndakuuzani kuti apita kukaona odwala. Ndinkanama, achimwene. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto.

Za imfa ya a Nickson, mwamuna wa Febe wathu, ndinangokuuzani kuti anapezeka atafa kutchalitchi. Amene anawapeza ndine. Linali Loweruka m'mawa, ife amayi a mphakati wathu titapita kukasesa. Ndinazungulira kuseri, kumtengo wa mango kumene timapachika gudumu lachitsulo lija limene ndi belu lathu, ndipo ndinawaona ali gone chagada, mutu uli magazi mbali imodzi. Maso anali otsekedwa bwinobwino, manja atapindidwa pachifuwa monga timachitira ndi maliro. Nthawi imeneyo sindinaganizepo kanthu. Ndinangokhala pansi nkuyamba kulira.

Anthu sanachedwe kutchula dzina. Mukuwadziwa a Jafali a golosale, anzawo a ababa a pabawo, amene galimoto yawo inanyamula bokosi la amayi. Dzulo lake, Lachisanu masana, a Nickson anamenyanso Febe. Ndikuti anamenyanso chifukwa sikunali koyamba, ndipo ichi ndi china chimene tinkakubisirani zaka zonsezi. Febe anathawira kugolosale, dzino litaguluka, diso litatupa, ndipo a Amida, akazi a a Jafali, anamubisa kuchipinda. A Nickson atafika anayamba kutukwana, kunena kuti a Jafali amayenda ndi mkazi wawo. A Jafali anatuluka nkuwakankhira kumsewu, anthu a kuchigayo onse akuona, nati, "Ukadzapondanso pakhomo pano ndidzakuswa mutu." Mawu amenewa ndi amene anawapachika.

Loweruka lija, pofika 9 koloko, anyamata a kwaya anali atazungulira golosale, ena atanyamula miyala, wina chigubu cha petulo. A Nickson anali mtsogoleri wawo, ndipo pa nyimbo analidi ndi mphatso, izi sindingawamane. Mwamwayi wina anaimbira ansembe athu, Bambo Anthony, amene anabwera kuparishi chaka chatha. Anafika panjinga yamoto, fumbi thupi lonse, nkukaima pakhomo la golosale. Sanakalipe. Anangoti, "Ine ndakhala pano mpaka apolisi abwere. Amene akufuna kuyatsa ayambe ndi ine." Anyamata aja anayang'anana, miyala nkuyamba kugwa pansi umodziumodzi. Apolisi anatenga a Jafali ponena kuti akukawasunga kuopa anthu, koma mboni zitanena za mawu a Lachisanu aja, sanawatulutsenso.

Ababa, monga katekisiti wa nthambi yathu zaka makumi atatu, ndiwo anatsogolera mapemphero kusiwa. Anakhala pafupi ndi a Ellen, mayi a malemuwo, atawagwira dzanja. Mawu awo ankanjenjemera, tonse tinkati ndi chisoni cha mkamwini.

Zinthu zinayamba kundibwerera pang'onopang'ono maliro atatha. Mukudziwa kuti ababa saphonya belu la 6 koloko madzulo, ngakhale akudwala malungo. Ndili kutsuka mbale tsiku lina ndinakumbukira kuti Lachisanu lija belu silinalire. Ndinali nditadikira kuti ndiyambe pemphero, mpaka mdima unagwa. Lamulungu lotsatira ndinawaona akuimba belu ndi khasu lakutha, ndipo nditafunsa za chitsulo chawo chija choimbira belu anati ana ataya. Ndiye pa Misa, Bambo Anthony atabwera, ababa sanalandire Ukaristia. Anagwira mbale, anthu onse analandira, iwo nkubwerera kumpando kwawo mutu uli pansi. Kunyumba ankadya mbamu ziwiri nkusamba m'manja.

Patatha sabata kunabwera a Amida. Golosale anali atatseka, ana atawatumiza kwa abale awo ku Namitete chifukwa anzawo kusukulu ankawatchula ana a chigawenga. Anakhala pansi pakhonde, nati, "Aphunzitsi, inu mwawadziwa a Jafali zaka zambiri. Ndi aukali pakamwa, koma nkhuku yomwe amachita kundiuza kuti ndiitane munthu adzazinge. Anthu amakumverani. Mukawanenere kupolisi."

Ababa anati, "Ndikudziwa, mayi. Si iwowo."

A Amida anathokoza, anaona ngati ndi mawu owatonthoza. Ine ndinali pakhomo ndi kapu ya madzi, ndipo ndinamva mmene anawatchulira. 

M'mawa mwake ndikufuna mazira pansi pa nkhokwe, dzanja langa linagunda chinthu cholimba chokulungidwa m'malaya. Anali malaya oyera a ababa, amene munawatumizira pa Khirisimasi, ndipo mkati mwake munali chitsulo cha belu. Malaya anali atauma gwa ndi magazi. Achimwene, apa ndi pamene ndikufuna mundikhululukire. Ndinakulunganso bwinobwino nkubwezera pomwepo. Masiku anayi ndinakhala chete. Ndinkaphika, ndinkapita kudimba, ndinkadutsa pagolosale yotseka ija nkuyang'ana kumbali. Ndinkadziuza kuti apolisi aona okha kuti palibe umboni, awatulutsa, nkhani nkuzilala. Ndinkadziwa kuti munthu wosalakwa akugona pasimenti m'chitokosi m'nyengo yozizira ino chifukwa choti anabisa mng'ono wanga, koma ndinasankha ababa.

Masiku anayiwo atatha ndinakwera kabaza kupita kuparishi. Ndinapeza Bambo Anthony akumangirira bulangete panjinga, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ankapita kukaona a Jafali kupolisi tsiku ndi tsiku. Anali ataonda. Ndinawafunsa mosazungulira ngati akudziwa amene anapha a Nickson.

"Theresa," anatero, "zimene ndimamva munthu akamalapa sizituluka pakamwa panga, kaya zilipo kaya palibe. Usandifunse."

Ndinati, "Nanga ine ndikakhala kuti ndaona kanthu?"

"Zimene waona ndi maso ako ndi zako. Lamulo limene landimanga ine silinakumange iwe." Anamaliza kumanga bulangete lija, kenaka anawonjezera motsitsa mawu, "Koma ngati pali munthu woti ulankhule naye kaye, yamba ndi iyeyo. Mwina akudikira kuti wina wa kwawo amufunse."

Nditabwerera ndinapeza ababa akusola chimanga kuseri kwa nyumba. Ndinatenga malaya aja nkuwaika patsogolo pawo. Sanadzidzimuke. Anangopukuta manja nkuti, "Khala pansi, mwana wanga."

Ndikulemberani monga anandiuzira. Lachisanu lija anamva za phokoso la kugolosale nkupita kukamuona Febe. Febe sanalire, anangowayang'ana ndi diso limodzi lija nkuti, "Ababa, mwabwera kudzandibweza, eti?" Pajatu ndiwo ankamubweza nthawi zonse. Kanayi konse anathawira kwathu, ndipo kanayi konse ababa anamuperekeza okha, ponena kuti ukwati wa mutchalitchi sutha, komanso kuti mwana wa katekisiti akasiya banja ena atengera chiyani. Inenso ndinkamuuza kuti apirire. Ngakhale pamene mimba yake inachoka chaka chatha tinkadziwa chifukwa chake, koma tinakuuzani kuti anali malungo.

Atachoka kugolosale ababa anapita kukaimba belu. Kwaya inali itaweruka, a Nickson anatsala okha akukhoma zitseko. Ababa akuti anawaitana mwaulemu nkuwauza kuti Febe sabwereranso, akhala kwathu. A Nickson anaseka, nati, "Madala, munandipatsa nokha paguwa, anthu akuona. Ndi wanga mpaka imfa. Ndikukamutenga pompano, ndipo lero adziwa kuti sathawira kwa amuna ena." Anatembenuka kuti azipita. Chitsulo chinali kale m'manja mwa ababa.

"Kamodzi kokha," anatero ababa. "Sindinadziwe kuti dzanja la nkhalamba lingatero. Ndinagwada, ndinamuitana, ndinamunenera mapemphero a omwalira, ndinamutseka maso. Kenaka ndinachita mantha."

Ndinawafunsa kuti nanga a Jafali. Ndinkayembekeza kuti anena kuti ankadikira Febe achire, kapena china chotero. Iwo anati, "Palibe chifukwa china. Ndinkaopa. M'mawa uliwonse ndimavala nsapato kuti ndipite kupolisi, nkukathera kudimba."

Lamulungu pa 7 Julayi, Bambo Anthony anabweranso kudzachita Misa. Itakwana nthawi ya zolengeza, ababa anaimirira ndi kope lawo monga mwa masiku onse, koma sanalitsegule. Anati, "Akhristu anzanga, a Jafali alibe mlandu. Amene anapha Nickson ndine. Ndinakuphunzitsani malamulo khumi inu ndi ana anu, ndipo ndaphwanya awiri, lakupha ndi laumboni wonama, pakuti kukhala chete kwanga kwamangitsa munthu."  Kenaka a Ellen anaimirira, atagwira benchi. Sanatukwane. Anangoti, "A Mateyu, munandigwira dzanja pamaliro a mwana wanga. Ndi dzanja lomwelo?" Ababa anati, "Ndi lomwelo, mayi." A Ellen anagwa pansi, amayi nkuwanyamula. Mayi amene uja ndimamumvera chisoni mpaka lero, mwana anali yekhayo, ndipo zimene ankachita kunyumba kwake si iwo anamutuma.

Anyamata ena anayamba kusuntha, koma Bambo Anthony anatsika paguwa ndi zovala za Misa zomwezo, nagwira ababa pamkono nkuyenda nawo pakati pa anthu mpaka panja. Anawakweza panjinga nkupita nawo kupolisi. Ine ndinatsatira pambuyo ndi malaya aja m'jumbo, ndipo ndinawauza apolisi zonse, ndi za masiku anayi anga omwe.

A Jafali anatuluka Lachiwiri, akutsokomola kwambiri. Golosale atsegula, koma anthu akuchita manyazi kulowamo, amatuma ana. Ine ndinapita ndekha kukagwada. A Amida anandimvetsera mpaka kumaliza, nati, "Tsiku lija unandipatsa madzi ukudziwa?" Ndinati ndinali nditayamba kudziwa. Mpaka pano tikakumana pamjigo amangondipatsa moni wa pakamwa. Sindiwadandaula.

Ababa ali kundende ku Lilongwe, akudikira mlandu. Loweruka lapitali ndili pasiteji kudikira minibasi yoti ndikawaone, a Jafali anaimitsa galimoto yawo nkuti ndikwere, akupita kukapikula katundu m'tauni.  Pa Njewa anaima nkugula sopo, shuga ndi mafuta odzola. Titafika pageti la ndende anandipatsa jumbo lija, nati, "Mkatimo ndikudziwamo, kumazizira ndipo khungu limasweka. Uwapatse. Ine kuwaona sindingathe, mwina chaka chamawa." Ababa nditawauza kumene zachokera anaphimba nkhope ndi chipewa, ndipo nthawi yathu yocheza inathera pomwepo.

Tsono zopempha zanga ndi izi. Ababa magalasi awo anasweka, akulephera kuwerenga, ngati mungapeze ena mubwere nawo. Mubwerenso ndi jekete lokhuthala. Ndipo mukafika musakawafunse kuti anachitiranji zimenezi, adzifunsa okha mokwanira.

Landirani moni kuchokera kwa azakhali, amene akugona kuno masiku ano kuti tisakhale tokha. Bambo Anthony akuti akukupemphererani ngakhale sanakuonenipo. Febe ali pompano pamphasa pamene ndikulemba. Diso linachira koma salankhula kawirikawiri, ndipo kutchalitchi sanapiteko. Ndamufunsa ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni, wati ndikuuzeni kuti iye sanapemphe munthu kuti amuphere mwamuna, ankangofuna kuti amulole kukhala kwawo. Ndalemba monga wanenera. Ababa akuti moni kwa adzukulu, ndipo akuti ngati mukuona kuti dzina lawo likulemerani, iwo sadzakwiya mukapanda kubwera.

Amenewo ndi mawu awo, anga ndi ena. Bwerani, achimwene. Ndipo mukamabwera musadzere njira ya kudambo ngati mlendo wobisala. Mudzatsike pa Nsaru dzuwa lili pamutu, mudzayende mumsewu waukulu, mudzaime pagolosale kupereka moni kwa a Jafali, mudzapitenso kukapepesa maliro kwa a Ellen. Ine ndakhala ndikuyenda ndekha mumsewu umenewu masabata awiri tsopano, ndipo ndatopa.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Theresa