Ndinawanenepetsa Akamwini Anu

Amayi, kaya muli bwanji kumene muliko?

Ndine Felesiya wanu. Papita zaka ziwiri chikuikireni m'manda, ndipo nkhani zachuluka. Esinta, mng'ono wanga, anachira mu Janyuwale, mwana wamwamuna wa mphumi ngati yanu. Chimanga chaka chino sichinachite bwino chifukwa cha ng'amba, koma mtedza watipulumutsa. Khitchini yanu inagwa ndi mvula, sitinaimangebe. Izi ndangoyambira, Amayi. Nkhani yeniyeni ndi ya akamwini anu, bambo a Tiyamike.

Mukukumbuka mmene munkawanyadira? Anabwera pamudzi pano ali mphunzitsi wowonda, jekete ikuwalendewera. Atayamba kutuluka mimba munkaima pakhomo n'kumawayang'ana akupita ku sukulu. "Wawaona akamwini anga? Khosi lija ndi ntchito ya mwana wanga," munkauza aliyense wodutsa. Ineyo munkandinong'oneza kuti, "Felesiya, amuna ako akawonda, anthu safunsa iwo, afunsa iwe." Mawu amenewo ndinawasunga kuposa mavesi a ku kalasi.

Chaka chatha anachita chizungulire akuphunzitsa, n'kugwera pa desiki. Ku chipatala cha mishoni anawapeza ndi shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Anawakweza pa sikelo, adokotala n'kupukusa mutu. Anawauza mosabisa kuti thupi limeneli liwapha. Nsima ikhale ya mgaiwa, mtanda umodzi, masamba ambiri. Shuga ayi, mchere pang'ono, nkhumba ya pa chiwaya ku Nsaru aiwale. Njinga yamoto aisiye, ku sukulu azipita wapansi.

Anamvera, Amayi. Munthu uja mukumudziwa, akagwira chinthu wagwira. Pa miyezi isanu lamba anamuboola kawiri. Anasiya kupuma mwabefu, miyendo inaphwa, kumunda ankalima mizere yambiri kuposa ine. Ankati akumva ngati wabwerera ku unyamata.

Koma anthu. Ndikafika pa mjigo nkhani inkaduka. Ku tchalitchi amayi ankandigwira dzanja nthawi yaitali, akundiyang'ana mwachisoni. Ena amati ndi matenda aja, aphunzitsi anawatola ku tauni. Ena amati chimwalirireni inu ndasiya kuphika. Ndikanena za shuga ankangogwedeza mutu, eti ndikubisa.

Nthawi yomweyo Tiyamike anapeza mwamuna wa ku Kabudula, chinkhoswe chinakonzedwa. Ndiye azakhali a ku Mpingu, alongo awo a malemu abambo, anabwera kudzandikhazika pansi. Anati akuchimuna ayamba kufunsafunsa ngati pakhomo pano pali matenda, ndipo bambo wa mwana sangakaonekere pagulu suti ikuwakhuthuka. Anandifunsa ngati inu mukanalola manyazi otere.

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo sindinauzepo munthu. Ndinayamba mobisa. Mafuta ochuluka mu ndiwo, shuga m'phala, mtanda ndikuukulitsa pang'onopang'ono. Atazindikira anakalipa. Ine ndinalira, ndinati akundichititsa manyazi, akufuna kuthetsa ukwati wa mwana. Ndinati n'zongofikira pa chinkhoswe basi. Kenako anasamba m'manja n'kudya. Anadyera ine, Amayi, sikuti ankazifuna.

Pa chinkhoswe suti inawakwana. Anthu ankawapatsa moni akuti athokoze Mulungu achira. Azakhali anandimenya paphewa monyadira. Kunena zoona ndinasangalala, ndipo ndinaganiza za inu, kuti mukanakhalapo mukanaimba nthungululu. Chinkhoswe chinatha koma ine sindinasiye, kutamidwa kunandikomera. Tsiku lawo lokayezedwa litafika ndinati tikumbe kaye mtedza, chipatala sichithawa.

Anagwa mu Meyi, masana, tikuthothola mtedza pabwalo. Anafuna kundiitana koma pakamwa panapotoka. Ku chipatala anati ndi sitiroko. Adokotala omwe aja anayang'ana buku lawo la kuchipatala, anayang'ana thupi lawo, n'kundifunsa chomwe chinachitika poti ankachita bwino. Ndinangoyang'ana pansi.

Lero mkono ndi mwendo wa kumanja sizigwira. Dzanja lolembera pa bolodi lija ndimachita kuwanyamulira. Mawu amatuluka amodziamodzi. Pamudzi akuti afiti anawamenya ndi hamala chifukwa cha nsanje, mpaka ena akuloza agogo osalakwa a kuseri kwa dambo. Koma ine ndikudziwa amene anachita. Akamwini anunso akudziwa. Ndikamawadyetsa amandiyang'ana osaphethira, koma sanakanepo supuni yanga. Bola akanandikalipira.

Sindikukuimbani mlandu, Amayi. Inu munaona njala, munaika abale anu owonda ngati ndodo. Munkati, "Mwana wanga, thupi ndi nkhokwe, uzisungamo." Munkanena mwachikondi. Koma tsopano ndimakumbuka miyendo yanu yotupa, ludzu lanu losatha, chilonda cha pachala chija chosapola. Tinkati ndi ukalamba. Nanenso anandiyeza ku chipatala, akuti magazi anga ayamba kuthamanga.

Adokotala akuti akagwanso kachiwiri mwina sadzadzuka. Choncho tabwerera ku mgaiwa ndi bonongwe, tonse awiri. M'mawa ndimawagwira m'khwapa, timayenda mpaka pa mtengo wa mango n'kubwerera. Ayambanso kuwonda, ndipo pa mjigo nkhani yayambiranso kuduka.

Dzulo azakhali anabwera ndi chigubu cha thobwa lothira shuga, ati odwala abwezeretse thupi. Ndinawaimitsa pakhomo. Ndinawauza mwaulemu kuti abwerere nalo. Anati ndasanduka mkazi wouma mtima, ndipo inu simukanachita zotere. Sananame. Ananyamuka osatsanzika.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakumverani pa zonse kuyambira ndili kamtsikana. Pa ichi chokha mundikhululukire. Ndikulonjeza kuti akamwini anu ndiwawondetsa, anthu anene mpaka atope. Azinditcha mkazi wosadziwa kusamala, bola asanditche wamasiye.

Ndine mwana wanu,
Felesiya