Kompyuta Yako ndi Galu wa aHedi

Wokondedwa msuweni Rabeka,

Moni kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Boma tili bwino, kupatula kutentha ndi bondo la amalume, limene likulosera mvula yosabwera.

Kompyuta ija unatumizira sukulu yathu inatsala pang'ono kutsekeredwa m'kabati. AHedi anati tiwaonetse phindu lake, apo ayi sadzatiyatsiranso jenereta.

M'pulogalamu ya masamu ndinalembamo lamulo lakuti ikapeza manambala a m'mizere, isinthanitse mzere wapamwamba ndi wapansi. Linkagwira ntchito bwino. Koma a Tembo, mphunzitsi mnzanga amene amasita ndi kampango komwe, anati, "Aphunzitsi, aHedi asaone zosalongosokazi." Anauza makina kuti ayale manambalawo m'bokosi lokongola, n'kusunga bokosilo.

AHedi atafika, ndinapereka lamulo lija. Makina anangobweza bokosi lomwelo osasintha kanthu. Thukuta lili kamukamu, ndinafotokoza kuti ife tikuona manambala omwewo, koma lamulo likufunafuna mizere yosavala, ndiye likungopeza chovala, bokosi lija. Nditachotsa bokosilo, mizere inasinthana.

AHedi anati, "Tsiku limene ndinavala suti, galu wanga anandiuwa pakhomo panga pomwe." Jenereta akutipatsa Lachisanu lililonse.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi. Tsopano timayamba tamaliza masamu, kukongoletsa pambuyo.

Unditumizireko madisiketi a kompyuta. Ndipo ukamabwera pa Khirisimasi, wigi ija uisiye ku Kitwe, amalume angakufunse kuti ndiwe mwana wa yani. Mulungu akusunge m'njira zako zonse.

Ndine msuweni wako,
Lazaro