Amalume Ajambulitsa ndi Khansala

Aise Chawe,

Zikuyenda ku Dedzako? Kuno ku Bilston, ku England, tikufa ndi phwete. Khansala Tranter, mzungu amene watha zaka zisanu akulalata kuti akuda tizipita kwathu, anagogoda pakhomo nthawi ya kampeni. Amalume a Greyson, poti mlendo sabwezedwa, anamulowetsa, kumuphikira tiyi, mpaka kujambulitsa akumupatsa moni wa manja awiri. Nkhope yawo inatuluka pamapepala ake onse: "Onani mnzanga wakuda." Mkuluyo wawinanso.

Kutchalitchi amalume awachotsa paukulu wa mpingo. Ine ndikumawaitana "Olemekezeka," koma lero tsiku lachinayi ali kuchipinda osadya. Ankandinena kuti ndine mbuli yothawa sukulu. Mbuli ndani pano?

Koma akazi awo, poti ndi anesi, abisa mapilitsi onse m'nyumba muno poopa kuti amalume angadziphe nawo. Agogo usawauze kaye.

Ndine mbale wako,
Dyson