Voisi Imene Sindinafufute

Makwasa, Thyolo

Wokondedwa mwana wanga Teleza,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko. Kodi chifuwa chija chinakusiya? Ife kuno tadzuka bwino, kungoti bondo la bambo ako likuvutabe. Mvula yagwa yambiri, tiyi waphukira moti dengu likumadzaza dzuwa lisanafike pamutu.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Ndapatsira Lackson, mnzako wa kusukulu kwanuko amene anabwera kudzaika maliro a mayi ake. Iyeyo ndiye wandiletsa kukamba nkhaniyi pa foni.

Mwana wanga, ndakulakwira.

Ukukumbuka voisi ija unanditumizira mwezi watha ukulira? Unati anyamata awiri a m'kalasi mwanu anawatengera kunkhondo, mmodzi wabwerako ali m'bokosi, koma pa wailesi akungonama kuti zonse zili bwino. Pomaliza unati ndikamvera ndifufute. Sindinafufute. Ndikanafufuta bwanji mawu a mwana amene sindinamuone zaka zitatu?

Lachitatu lina ku msonkhano wa amayi a Dorika atafunsa amene ali ndi chopempherera, ndinaika foni pa benchi kuti amayi adzimvere okha. Analira, Teleza, ndipo anakupempherera chogwada. Mayi Lestina anati ndiwatumizire aike pa gulu la mpingo kuti enanso apemphere nawo. Ndinatumiza, ndi chithunzi chomwe, chija wavala yunifolomu pa geti la sukulu yanu, dzina la sukulu likuoneka bwinobwino. Ndinkafuna amudziwe amene akumupemphererayo.

Mlungu usanathe, akapitawo anandiimitsa pa sikelo, akuti amva mawu ako pa Fesibuku. Anandiyamikira kuti ndinabereka mwana wolimba mtima. Ine chitsirune n'kumasekerera.

Lackson atamva anagwira m'mutu. Akuti chiyambireni nkhondo, kwanuko kuli lamulo loti wotsutsa nkhondoyo kapena wonena kuti boma likunama amapita kundende zaka zambiri, kaya ndi mlendo kaya mwini dziko. Akutinso wina walemba kale mawu akowo m'Chingerezi pansi pa chithunzicho. Ine ndinkati Chichewa angachimve ndani kutaliko?

Bambo ako sakundiyankhula, ndipo sindikuwaimba mlandu. Amalume awo anatengedwa ndi apolisi kalekale chifukwa cha mawu amene ananena pa maliro, osabwereranso. Ine nkhaniyo ndinkaidziwa, koma ndinkayesa kuti zinatha ndi nthawi imeneyo. Ndili ndi mantha, mwana wanga. Foni ikalira m'munda ndimayamba ndayang'ana nambala ndisanayankhe.

Ndikudziwa kuti kwatsala miyezi inayi kuti ulembe mayeso omaliza a unamwino. Ndikudziwa mmene wavutikira. Komabe ndikukupempha, bwerako asanakufunefune. Pepalalo ngati lalephereka, lalephereka. Ngati wandikwiyira, udzandikwiyire uli pakhomo pano, ndidzapirira ngakhale utakhala chaka osandipatsa moni.

Ukaimba foni tizingokamba za mvula ndi bondo la bambo ako.

Voisi ija ndafufuta dzulo, ngakhale ndikudziwa kuti ndachedwa. Ndinayamba ndaimvera komaliza kuseri kwa nyumba.

Mlongo wako Mathew akupereka moni. Undiperekere moni kwa anzako a kwathu kuno amene uli nawo kumeneko. Ambuye akubise m'dzanja lawo mpaka ndidzakuone ukutsika minibasi pa Makwasa.

Ukawerenga kalatayi uiotche. Iweyo usachite ngati ine.

Ndine mayi ako,
Salome