Zimene Ndinayankha pa Fomu ya Brave

Walsall,
15 Julaye

Wokondedwa mng'ono wanga Felista,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Mwadzuka bwanji uko ku Zomba? Alamu anga abusa ali bwanji, nanga ana? Mwendo wa amayi uja unaleka kutupa, kapena akubisabe monga mwa masiku onse? Kuno m'thupi tili bwino. Alamu ako a Gresham akuyendetsabe basi yawo, mwana wathu Zoe wamaliza mayeso ndipo akungodya ndi kugona ngati mlendo.

Usadabwe kuti ndalemba pamanja. Sabata yathayi ndakuimbira katatu, ndipo katatu konse ndikangotchula mwana wathu Brave iwe umati netiweki yavuta. Felista, ndinakubereka kumsana ine, ukamanama ndimadziwa. Ndiye ndalemba, ndijambula masambawa ndikutumizire pa foni. Uwerenge uli wekha, ukamaliza ufufute.

Nkhani yabwino unaimva kale, koma ndikufotokozere bwino chifukwa tsiku lija unangoyankha kuti "Amen" basi. Timu ina yaikulu ya ku America yatenga osewera atsopano asanu ndi mmodzi kampu yawo isanayambe, ndipo mmodzi mwa iwo ndi Brave. Si mpira wathu wa miyendo uja ayi. Uwu ndi wovala zipewa zolimba ndi zotchinga m'mapewa, mpira wake wooneka ngati papaya, anthu akuluakulu kumathamangitsana n'kumagwetsana pansi. Malamulo ake mpaka lero sindiwamva.

Kampuyo ndi malo oyeserera ligi isanayambe. Akuti amalowa anthu pafupifupi makumi asanu ndi anayi, amathamanga masabata angapo padzuwa lowamba atavala zida zonsezo, kenako ambiri amabwezedwa kwawo. Brave anyamuka Lolemba likubwerali, pa 21.

Mwanayu wavutikira zimenezi, ndisamunamizire. Zaka zitatu akunyamula makatoni ku weyahausi kuno, akaweruka n'kukwera mabasi awiri kupita kukalimbitsa thupi ku jimu ku Longbridge. Ine ndinkamukalipira kuti munthu wa digiri sangamathere mphamvu pa masewera ogundana mitu. Iye ankangoseka, n'kundinyamula m'mwamba ngati thumba la chimanga mpaka ndisiye kulongolola.

Lamulungu lapitali kutchalitchi kwathu ku Aston anamuitanira kutsogolo. Jekete inakana kutseka pachifuwa. Azimayi anaimba nthungululu mpaka azungu a nyumba yoyandikana anasuzumira pawindo. Aliyense ankandigwira chanza, "amake Brave, amake Brave," ena ngakhale aja sankandipatsa moni. Pa intaneti timuyo yaika chithunzi chake, ndipo pansi pake alemba kuti anabadwira ku Malawi, mwana wa Helen, namwino, ndi Gresham, dalaivala wa basi.

Ine ndinamwetulira tsiku lonse mpaka masaya kuwawa. Koma chimwemwecho chinali cha pankhope pokha, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndakulembera.

Mwezi watha madokotala a timuyo anamutumizira fomu ya zaumoyo. Ankailemba pa tebulo la kukhitchini, ine ndikusita yunifolomu yopita nayo ku shifiti ya masana. Ankawerenga mafunso mokweza, kwinaku akuseka. Mphumu, ayi. Shuga, ayi. Atafika pa funso lachisanu ndi chinayi anandifunsa osadzutsa n'komwe mutu, m'Chingerezi chake chija, ngati m'banja mwathu alipo amene anafa mwadzidzidzi asanakwane zaka makumi asanu, makamaka akuthamanga kapena akugwira ntchito yolemetsa.

Ndinati, "Ayi."

Linangotuluka lokha liwulo, Felista. Iye anachonga, n'kupita pa funso lina. Ine ndinapsereza kolala ya yunifolomu.

Funso lomwelo ndimafunsa odwala kuwodi pafupifupi tsiku lililonse. Ndimawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti asandibisire kanthu, poti akabisa akudzipha okha. Ndiye ine, namwino wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndanamiza mwana pa funso limenelo.

Iwe ndi ine tikudziwa kuti yankho loona ndi liti. Themba, bambo wake womubala, anagwa pabwalo la mpira ku Ntcheu popanda womukhudza, ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi, iwe uli ndi pathupi pa miyezi isanu. Anthu anati amulodza a timu inayo, ndipo nanenso nthawi imeneyo ndinavomera chifukwa zinali zosavuta kuvomera. Ndiye chaka chija ndinabwera kumaliro a bambo, unandiuza wekha tikutsuka mbale kuti mng'ono wake wa Themba nayenso anagwa akupalasa njinga pachitunda, osadzukanso. Unanena ngati nkhani ya anthu ena. Ine mbale inandipulumuka.

Anyamata awiri a mimba imodzi sagwa choncho chifukwa cha ufiti. Ndi mtima, ndipo matenda amenewo amayenda m'magazi. Brave ali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu.

Pali china chimene sindinakuuzepo. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi anakomoka kusukulu atangomaliza kuthamanga. Anati sanadye m'mawa, dokotala anavomereza, ine ndinakhala chete chifukwa ndikanatsegula pakamwa akanafunsa za bambo ake. Kuyambira pamenepo, tikamapemphera tonse titagwirana manja, ine ndimamugwira pamkono n'kumawerenga kugunda kwa mtima wake. Anthu amati Helen ndi wopemphera, satsegula maso mpaka amen yomaliza. Sadziwa kuti ndimakhala ndikuwerenga manambala.

Usaganize kuti sindinayese njira zina ndisanakuvutitse. Ndinamuuza kuti apite akapimitse mtima asananyamuke. Anati a timu anamupima kale pamene anapita kokayesedwa, mawaya aja anamuika pachifuwa, ndipo zonse zili bwino. Anandipsompsona pamphumi n'kunena kuti ndisiye kukhala nesi kunyumba.

Ndiye ndinapita kwa Dokotala Rahma, mayi wina woona za mtima kuntchito kwathu, n'kumufunsa ngati ndikufunsira mwana wa mnzanga. Anati kupima koyamba kuja nthawi zina sikuonetsa kanthu, ndipo dokotala amene wauzidwa kuti bambo ndi mng'ono wawo anagwa chotero amafufuza mozama kuposa amene wauzidwa kuti ayi. Anati mwina mnyamatayo alibe vuto, mwina ali nalo, koma asathamange padzuwa asanadziwe. Potuluka anandigwira paphewa n'kuti ndimuuze mnzangayo kuti asachedwe.

Ndinaganizanso zopeka bodza lina laling'ono, loti a Gresham anali ndi achimwene amene anafa mwadzidzidzi. Koma Brave amawadziwa onse a kwa a Gresham mpaka mayina a mbuzi zawo. Komanso madokotala angayambe kupima a Gresham, n'kupeza mtima wawo uli bwinobwino, n'kumuuza mwanayo kuti pita usaope. Bodza limenelo lingamuphe msanga kuposa loyamba lija.

A Gresham akuti ndikhale chete. Si kuipa mtima, ukuwadziwa, mwanayu anamuphunzitsa kupalasa njinga ndi iwo, ndipo ndawapeza kawiri akungoyang'ana chithunzi chija pa foni. Koma akuopa mapepala. Setifiketi yobadwira imene tinamubweretsera kuno imati mayi ndine, bambo ndi iwo. Unzika wake unachokera pa pepala limenelo, ndipo pasipoti imene akwerere ndege Lolembali inachokeranso pomwepo. Akuti zikaululika kuti tinalemba zabodza, ine angandilande chiphaso cha unamwino, ndipo mwanayo sitikudziwa kuti angamuchite chiyani. Kwathu mwana wa mng'ono wako ndi mwana wako, palibe amene angafunse. Kuno amafuna dzina la amene anamva ululu wa kubereka.

Tinakangana Lachisanu mpaka Zoe anatsika kudzafunsa kuti kwagwanji. Tinamuuza kuti ndi nkhani ya magetsi. Wamva, ngakhale mwana wachiwiriyu tayamba kumunamiza.

Ndiye taona pamene ndaima. Ndikakhala chete, ndimutumiza kukathamanga padzuwa ndi mtima wa Themba. Ndikalankhula, mwina a timu amuchotsa pa mndandanda asanavale n'komwe chipewa, zaka zitatu za makatoni zija n'kupita pachabe, ndipo adzadziwa kuti amene wamulanda mwayi wake ndi mayi yemwe wakhala akumunamiza chibadwire. Ndikalankhula ndikuika a Gresham ndi Zoe pamoto. Ndipo ndikalankhula ndikuphwanya lumbiro limene ndinachita kwa iwe.

Sindinaiwale. Kunyumba kwanga ku Kawale, m'chipinda chija unabisalamo miyezi inayi kuti kusukulu asadziwe, unandigwiritsa Baibulo la amayi n'kundilumbiritsa kuti mwanayu asadzadziwe mpaka iwe utalola. Unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ukulira mpaka mamina. Ndinalumbira ndi mtima wonse, ndipo ndasunga zaka makumi awiri ndi zitatu. Ukamabwera pa vidiyo iye n'kumati "Hi Aunty," ine ndimaona mmene umayang'anira makutu ake a Themba aja, koma sindinanenepo kanthu.

Ndikudziwanso chimene ukuopa. Abusa sadziwa. Azimayi a chigwirizano amene umawalangiza Lachinayi lililonse sadziwa. Ndikudziwa mmene mpingo umatafunira munthu, makamaka mayi busa, ndipo sindikunena kuti mantha ako ndi achibwana. Koma ndikuuze mosabisa, ndakwiya nawe. Unandisiyira katundu yense, ndiye ndikafuna kuti tithandizane kumutula iwe ukuti netiweki. Manyazi ako ali ku Zomba, koma bokosi likabwera lidzafikira pakhomo panga.

Pepa, ndalemba mawu oipa. Sindifufuta, chifukwa ndi zimene ndimaona ndikangotseka maso.

Dzulo Brave anabwera ndi chikwama chatsopano n'kuyamba kulongedza pabalaza. Anandionetsa kansalu ka mbendera yathu kamene akufuna kukasoka mkati mwa chikwamacho. Kenako anayesa Chichewa chake chopindika chija, n'kunena kuti akapeza malo mu timu chinthu choyamba ndi kundichotsa pa mashifiti, chachiwiri ndi kupita nane kumudzi kuti akaone agogo ndi anti Felista. Ndinathawira kubafa n'kutsegula madzi kuti asandimve.

Ndikuopa, Felista. Ndikuopa kuti adzandida. Ndikuopa nkhope imene adzapange akadzazindikira kuti mphuno imene amati anatengera a Gresham ndi ya munthu amene ali m'manda ku Ntcheu. Koma ndayeza zonse, ndipo palibe chimene ndikuopa kuposa foni yochokera ku America, munthu wachilendo akufunsa ngati ndine mayi wa Brave.

Choncho ndi ichi. Lamulungu likubwerali tikachoka kutchalitchi ndimukhazika pa tebulo lomwe lija, ndimuuza za Themba ndi mng'ono wake, ndipo ndimuuza kuti alembere madokotala a timuyo asanakwere ndege. A Gresham ndawauza kale. Anangotenga jekete n'kupita kuntchito ola lathunthu nthawi isanakwane.

Chimene ndikukupempha n'chakuti undimasule. Undiimbire lisanafike Lamulungu, unene liwu limodzi lokha loti "muuze." Ngati ungalimbe mtima kuti umuuze wekha, ine ndidzagwira foni, ndidzakhala pambali pake, ndipo sindidzalola kuti akunyoze. Abusa uwauze kapena usawauze, zimenezo ndi za m'nyumba mwako, ine sindilowererapo. Brave ndidzamupempha kuti asunge, ngakhale sindingalonjeze zimene mwana wopwetekedwa angachite.

Ukapanda kuimba, ndimuuzabe. Ndidzakhala munthu wophwanya lumbiro la pa Baibulo la amayi, ndipo mlandu umenewo ndidzausenza ndekha pamaso pa Mulungu. Koma ndikanakonda kuti ndisalowe m'chipinda chimenecho ndili ndekha, chifukwa mwanayu tinamubisa tili awiri.

Mwina akapimidwa adzapezeka kuti alibe kanthu, n'kupita kukasewera, ine n'kukhala kuti ndagumula nyumba yanga pachabe. Ndikupemphera kuti zikhale choncho. Mwinanso kuyambira Lolemba sadzanditchulanso "Mum." Asiye. Azinditcha anti, azinditcha Helen, kaya asamandilankhule n'komwe, bola ndizimva kuti kwinakwake akupuma.

Undiperekere moni kwa amayi, uwauze kuti mankhwala a mwendo aja asamadumphitse masiku. Moni kwa abusa ndi kwa ana onse, makamaka Temwani amene ndamva kuti wakhoza mayeso. Ambuye akusunge, akupatse tulo, ndipo akupatse mphamvu yonyamula foni.

Ndine mkulu wako,

Helen,
amake Brave mpaka Lamulungu.