Adokotala a Matimati

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Pfupajena, m'tauni ya Chegutu, tadzuka, kungoti bondo la amayi likuvutabe.

Ntchito yoyeza odwala ija ndayamba pa kiliniki ina konkuno ku Chegutu, koma mutu sunakhazikike. Paja chimalizireni maphunziro ndakhala zaka zambiri ndikugulitsa matimati.

Dzulo kunabwera agogo ena akubanika. Atandiyang'anitsitsa anati, "Kodi si iwe wa matimati uja? Mwanangu, kandiitanire adokotala."

Achemwali, ndinadzukadi kukawafuna! Ndili pakhonde m'pamene ndinakumbukira kuti woyeza odwala pamenepo ndi ine ndekha. Ndinabwerera n'kuwayeza.

Mundipempherere chonde. Agogowo abweranso Lachisanu, ndipo sindikudziwa kuti adzapeza ndani, dokotala kapena wa matimati uja.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati